Bondo la aTelala, Mwendo wa aMesenjala

Amuna anga aTelala anang'amba kakhushoni ka m'bondo potsika basi isanaime, chinthu chimene ndakhala ndikuletsa zaka makumi anayi, ndipo mayi wa mafizo kuchipatala anawapatsa pepala la zithunzi za kalimbitsidwe ka mwendo n'kunena kuti: katatu pa tsiku kwa masabata asanu ndi limodzi, bondo likapanda kupinda ndiye kuti mpeni wa dokotala. Sabata lachitatu likutha ndinalowa ndi tiyi m'chipinda chosokera, n'kupeza aTelala ali phee pampando, mwendo atausanjika pakatebulo, pomwe mlongo wanga aMesenjala ali gada pamkeka, mwendo uli m'mwamba ngati mphemvu yogudubuzika.

"Zisanu ndi zinayi," anatero aMesenjala, mano ali gwa. "Khumi!"

"Khumi imeneyo siinafike," anatero aTelala, akuyeza ndi tepi kuchokera pansi mpaka pachidendene. "Kwatsala mainchesi awiri."

"Pepala silinatchule mainchesi, alamu."

"Pepala silinasokepo buluku. Kwezani."

Anakweza. ATelala ananyambita pensulo n'kuchonga papepala. Ine tiyi ndinakamuika kutali pawindo, chifukwa mwendo woyenda m'mwamba ndi madzi otentha sizikhalira limodzi.

"Alamu, ndili ndi funso," anatero aMesenjala akupuma.

"Mufunse mwendo uli m'mwamba, nthawi isapite pachabe."

"Lero takwanitsa masabata atatu. Mukumva bwanji?"

"Chimodzimodzi. Likungoti tswii, tswii, ngati chitseko cha chimbudzi."

"Ha! Ine ndiye ndikumva bwino zedi. Dzulo ndinathamangira basi mpaka ndinaipitirira. Ndinachita kuidikira kutsogolo."

"Simunatumidwe kuti muzimva bwino. Munatumidwa kundichitira mafizo."

"N'zimene ndikuchita."

"Ndiye musamadye za eni ake panjira."

AMesenjala anakanda m'mutu. Mlongo wangayu anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu, ndipo ukamutuma kukaona ngati mvula ikugwa, amabwera atanyowa kuti ukhulupirire.

"Kungoti mtima wanga sukukhazikika," anatero. "Kodi mayi uja sanatanthauze kuti muzichita nokha?"

"Bwerezani mawu ake. Si inu mumadzitama kuti uthenga simuugwetsa?"

AMesenjala anadzuka n'kuima njo, manja m'mbali. "Anati, 'Izi zizichitika katatu pa tsiku, osadumphitsa.'"

"Anatchula dzina?"

"Sanatchule."

"Zikuchitika kapena sizikuchitika?"

"Zikuchitika."

"Mwadumphitsapo?"

"Ngakhale tsiku limene ndinatsegula m'mimba sindinadumphitse."

"Ndikukumbuka," anatero aTelala akutsina mphuno. "Nanga ku ofesi kwanu kuja, bwana akadwala mutu, pamzere wa mankhwala ankaima ndani?"

"Ine."

"Mutu unkapola wa ndani?"

"Wa bwana."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Koma mapiritsi ankamwa okha."

"Onse?"

AMesenjala anaganiza kaye. "Owawa ankandipatsa ine."

"Mwaonatu! Gonani."

Anagona. Ine ndinangogwira pakamwa. Ndinanena kalekale kuti amuna awiri opuma pantchito asamasiyidwe m'chipinda chimodzi chitseko chili chotseka, koma mawu anga m'nyumba muno amamveka zinthu zikasweka.

"Chithunzi chachiwiri," analamula aTelala. "Thaulo pansi pa bondo, kanikizani, werengani mpaka faifi."

"Wani. Thuu. Koma alamu, mayi uja ananenanso kuti minofu ya pantchafu ikalimba imasenza katundu, bondo n'kupuma. Ntchafu yolimbayo ikhala ya ndani?"

"Musandiphunzitse za zong'ambika. Ine ndakalambira pa zong'ambika. Nsalu ikang'ambika mumaikoka?"

"Ayi."

"Mukaikoka chimachitika n'chiyani?"

"Chibowo chimakula."

"Ndiye mtsikana wobadwa dzulo akundiuza kuti ndikoke bondo long'ambika katatu pa tsiku! Akoke wina amene nsalu yake ili yonse."

"Nanga bwanji osangolola kuti akusokeni? Si chong'ambika chimasokedwa?"

ATelala anatsitsa magalasi mpaka kunsonga ya mphuno. "Andisoke ndani? Kadokotala kaja? Munaona kolala ya shati yake? Mbali ina yaloza kumwamba, ina yaloza kumanda. Munthu wolephera kusankha telala angasoke bondo la munthu?"

"Sindinatumidwe kuona kolala."

"Ndinamufunsa kuti ulusi wake ndi nambala chani, iye n'kuseka. Ndinati msoko wake amabwereza kangati kumapeto, akuti ulusi wake umasungunuka wokha. Ulusi wosungunuka! Ine nditasokera munthu buluku ndi ulusi wosungunuka, angafike nalo kutchalitchi?"

"Angafike, koma sangabwerere."

"Ndiye bondo langa asaligwire. Kanikizani thaulolo."

Apa ndiye ndinagwirizana nawo. Mpeni ine ndimauopa. Amakugoneka tulo tochita kugula, ndipo munthu wogona sadziwa chimene achotsa ndi chimene aiwalamo. Koma ndi kukweza mwendo komwe ndimakuopa, chifukwa magazi onse amatsikira kumutu, ndipo mutu wa mlongo wanga ulibe malo ambiri.

ATelala anayamba kusisita bondo lawo, akubuula pang'onopang'ono. AMesenjala anasiya kuwerenga. Anayang'ana bondolo, n'kuyang'ana lawo, n'kuyang'ananso bondolo.

"Alamu."

"Mwaima chifukwa chiyani?"

"Mukusisita bondo liti?"

"La aneba. Ndisisita liti? Lodwalali!"

"Limenelo ndi lakumanja."

"Zikomo pondidziwitsa. Ndakhala nalo zaka makumi asanu ndi awiri osadziwa."

"Ine ndakhala ndikukweza lakumanzere."

Ngakhale ntchentche imene inkazungulira shuga inatera.

"Mwati chiyani?"

"Lakumanzere. Masabata atatu onse."

"Mayo ine! Anakuuzani ndani?"

"Inu. Tsiku loyamba ndinafunsa kuti mwendo uti. Munati, 'Wa mbali ya kuwindo uwu.' Ine n'kugona moyang'anizana nanu, n'kukweza wa mbali ya kuwindo."

"Wa mbali ya kuwindo wanga!"

"Windo ndi limodzi, alamu."

ATelala anamenya tebulo, mapini n'kumwazika pansi. Ine ndinayamba kutola msangamsanga, chifukwa pini ikalowa kuphazi imayenda ndi mtsempha mpaka kumtima.

"N'chifukwa chake!" anakuwa. "N'chifukwa chake sindikuchira! Ine kumadabwa kuti pepala lonse ladzaza ndi zochonga koma bondo lili pomwepo. Kani mukuthirira munda wa eni!"

"Bondo lakumanzere si la eni. Ndi lanu lomwe."

"Silinadwale! Masabata atatu mukulidyetsa mankhwala lili bwinobwino. N'chifukwa chake likundivuta chonchi. M'mawa uno ndimati ndipite kubafa, ilo linali litanyamuka kale, linzake likadali pabedi. Pang'onong'ono ndikanang'ambika pakati!"

"Ndiye kuti mafizo akugwira ntchito," anatero aMesenjala, nkhope ili ngwee. "Adilesi yokha ndi imene inalakwika."

"Mesenjala wa mtundu wanji wosochera pakati pa miyendo iwiri? Iwiri yokha! Mukanatumidwa kwa bongololo bwenzi zili bwanji?"

"Bwenzi nditapempha kuti andilembere."

ATelala anatseka maso, milomo ikuyenda. Akamawerengera nsalu amatero. "Kwatsala masabata atatu kuti mpeni undipeze. Masiku apitawa ndi makumi awiri ndi limodzi. Tsiku lililonse makumi atatu. Sikisi handiredi sate. Mubweza zonse, mwendo wakumanja."

"Pofika liti?"

"Tisanadye masana."

"Pepala likuti khumi, kenako kupuma."

"Mudzapuma ine ndikachira. Tembenukani, mutu uloze kuno, windo lisakusokonezeninso."

Ndinati, "Abambo, munthuyu mumupha." Anandiyankha kuti aliyense amene ali ndi maganizo abwino agone pamkeka awaonetse. Ndinangosuntha sizasi.

"Wani. Thuu. Fili," anayamba aMesenjala. "Alamu, mwendo uwu ndi waulesi. Sunazolowere."

"Ndi wanga umenewo, ndikuudziwa. Musaunyengerere."

"Leveni. Thwelofu. Mwayamba kumva kanthu?"

ATelala anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wailesi ya kutali. "Kanthu kakubwera. Koma kakufika kofooka. Mukutumiza pang'onopang'ono kwambiri, kakumazirala panjira."

"Ndifulumire?"

"Dikirani. Tiwonjezere kulemera kuti kamodzi kaziwerengedwa kawiri." Anatenga simbi yositira, ija yachitsulo ya makala, n'kuimangirira pakakolo pa mlamu wawo ndi lamba wa diresi la kasitomala.

"Pachithunzi palibe simbi."

"Wojambulayo analibe. Kwezani."

"Hiii! Sate-foo. Sate-sikisi. Alamu, ndikuona nyenyezi."

"Musaziwerenge, mungasokoneze nambala."

"Sate-eyiti. Mwendo ukunjenjemera."

"Wangawu uli phee. Ndiye kuti kunjenjemerako n'kwanu, musanditumizire. Tapitani pa chithunzi chachinayi, chimene chija chokwera sitepe. Chimenecho chikuoneka champhamvu, tiziwerenga kasanu."

"Muno mulibe sitepe."

"Kwerani pachivindikiro cha mashini."

Chivindikiro chimenecho n'chozungulira pamwamba ngati msana wa kamba. Ndinati, "Achimwene, musakwere." Iwo anati anatumidwa ndi alamu awo, ndipo uthenga wachiwiri umadikira woyamba uthe. Anakwera, simbi ili lendelende. Anatsika. Anakweranso. Kachitatu chivindikiro chinati ndapita ine, mwendo wina kumpoto, wina kummwera, ndipo m'bondo mwawo munamveka kuti phwa!

"Mayooo!"

"Chivindikiro changa!"

"Bondo langa, alamu!"

"Liti?"

"Lanu lija! Lakumanja!"

ATelala anagwira bondo lawo mwamantha, n'kulipapasa uku ndi uku. "Ayi, kuno sikunafike kanthu. Mwaligwira bwino, mwachita chamuna. Musalitumize limenelo."

Anadzuka ndi mwendo umodzi, n'kudumphadumpha, n'kuwakokera aMesenjala pampando paja. Ine ndinamasula simbi, ndinabweretsa madzi ozizira ndi kansalu. Bondo silinatupe kwambiri, koma mwini wake ankalira ngati latuluka n'kupita kwawo.

"Achemwali, mukauze adzukulu kuti ndinafera pantchito," anatero.

"Simufa," anatero aTelala. "Tapindani tione."

"Likukana."

"Mwamva kuti phwa kapena kuti thu?"

"Phwa."

"Langa linatinso phwa. Ndi kakhushoni. Mwalowa m'gulu."

AMesenjala anatola pepala lija n'kuliyang'ana mwachisoni. "Ndiye kuti nanenso ndi katatu pa tsiku. Apo ayi, mpeni." Anayamba kutsetsereka pampando kuti agone pamkeka.

"Mukupita kuti?"

"Kukachita mafizo anga."

"Mwapenga? Ndangokuphunzitsani pompano! Yong'ambika saikoka!"

"Nanga andichitira ndani?"

Onse awiri anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ndinawauza kuti mwendo wanga umakwera m'mwamba kamodzi pa tsiku, pokwera pabedi, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndapemphera.

"Basi," anatero aMesenjala akupukuta misozi. "Mukauze kadokotala ka kolala kaja kanole mpeni. Tikagona mabedi oyandikana, alamu. Ulusi ukamasungunuka tizidzauzana."

"Musatchule ulusi umenewo m'nyumba mwanga!"

"Nanga nditani? Ndilibe mesenjala. Mesenjala sakhala ndi mesenjala."

ATelala anayang'ana kudenga. Anayang'ana mkeka. Amuna anga ndi ouma mutu ngati chitsa, koma sanabwezepo kasitomala ali maliseche.

"Mwavulalira pantchito yanga," anatero. "Anthu asadzanene kuti telala uja anang'amba mlamu wake n'kumusiya osapinda m'mphepete. Ndikuchitirani ine."

"Inu?"

"Koma timvane. Awa si anga. Anga sindichita, ndinakana, ndipo ndikukanabe. Awa ndi anu."

"Ndamva. Ndisaine penapake?"

"Ingogwirani pensulo."

Kutsika kwake kunatenga nthawi yoti munthu n'kusoka mabatani a shati yonse. Anagwira tebulo, anagwira mashini, anagwira ine, kenako anangoti khu! pamkeka. Ndinawaikira pilo kumutu kuti magazi akamabwera apeze pokwera.

"Wani," anatero aTelala, atakweza mwendo mosavuta.

"Imani. Umenewo ndi wakumanzere."

"Ndi umene uli bwino."

"Langa lovulala ndi lakumanja. Mukufuna kuthirira munda wa eni?"

"Koma wakumanja wangawu ndi wodwala!"

"Pepala silikunena kuti wotumidwa akhale wathanzi. Ine ndinkapita ku positi ofesi ndili ndi malungo, makalata n'kufika osadwala."

"Alamu, muli ndi mtima inu?"

"Ndili ndi pensulo. Wakumanja."

ATelala anatukwana pang'ono, mawu amene sindingawabwereze poti ndili ndi adzukulu. Kenako analimbitsa ntchafu. Mwendo unanjenjemera, unaganiza, n'kunyamuka pang'ono ngati nkhalamba yopatsa moni.

"Wani," anatero aMesenjala. "Tsitsani pang'onopang'ono, musandigwetsere."

"Iiii! Thuu!"

"Owerenga ndine. Thuu."

"Fili! Ambuye, ntchafu ikuyaka moto!"

"Kuno sikunafike. Pitirizani."

Anafika khumi thukuta lili kamukamu. Anapuma, chifukwa aMesenjala anati pepala likuti kupuma, ndipo aliyense wodumpha mzere umenewo amathera pampando. Kenako thaulo pansi pa bondo, kukanikiza mpaka faifi. Kenako chithunzi chachitatu, chokoka chidendene pamkeka kubwera nacho kumatako. Ine ndinatseka diso limodzi, lina ndikuyang'ana chitseko kuti ndidziwe kothawira likaphulika.

"Seveni. Eyiti," ankawerenga aMesenjala. "Kokani ndithu, bondo langa limapinda kuposa pamenepo."

"Mukumva bwanji?" anafunsa aTelala ali wefuwefu.

AMesenjala anagwedeza bondo lawo n'kumvetsera. "Palibe."

"Palibe? Ndafera chiyani pansi pano?"

"Mwina zili m'njira. Bwerezani."

Anakokanso. Chidendene chinayenda, chinayenda, n'kupitirira duwa lofiira la pamkeka limene chiyambire ngozi chinali chisanalifikepo. ATelala anaima. Anabweza mwendo, n'kuukokanso. Nkhope yawo inasintha ngati munthu amene wapeza kiyi m'thumba lomwe anafufuzamo kale katatu.

"Mwaima chifukwa chiyani?" anafunsa aMesenjala.

"Palibe."

"Alamu, mukumwetulira."

"Ndi ululu."

"Ululu suonetsa mano a m'mbali. Chachitika n'chiyani?"

"Kungoti... lamasuka pang'ono. Dzimbiri lija likukhala ngati likuchoka. Mukufunda bwino m'katimu."

"M'kati mwa bondo la ndani?"

ATelala anayang'ana kukhoma.

"Alamu! La ndani?"

"Langa."

AMesenjala anaponya pensulo pansi. "Achemwali, mwamva? Umboni ndi umenewo! Zaka makumi atatu ine sindinatsegulepo envulopu ya munthu. Awa tsiku loyamba lomwe adya katundu panjira!"

"Sindinachitire dala. Zangotsalira."

"Zangotsalira! Ine ndili pano bondo likuwawa, mankhwala anga mukudzipaka nokha. Lavulani!"

"Ndilavula bwanji? Zalowa kale m'ntchafu."

"Ndiye siyani pompo. Ndakuchotsani ntchito. Dzukani pamkeka wanga!"

"Mkeka ndi wanga."

"Mafizo ndi anga! Munanena nokha kuti anu simuchita!"

Ndinati, "Abambo, tamverani, siyani, mungaonjeze." AMesenjala anati siyani. Tonse awiri tinati siyani, ndipo m'zaka makumi anayi sindinaonepo mawu amenewo akulowa m'khutu la amuna anga n'kupeza pokhala. ATelala analanda pepala lija n'kulikumbatira pachifuwa, n'kukweza mwendo wodwalawo mpaka chidendene chinaloza kudenga.

"Sindisiya! Katatu pa tsiku, ndipo wondiletsa abwere ndi apolisi. Inu alamu, tsikani pansi pano, aliyense azidzibera yekha!"